NZIMBE ZA M'DIMBA NDI MBEU YA MAWA

Mau olankhulidwa kwa akhristu a mipingo ya Reformed ku Vubwi, Katete ndi Sinda

 

Tonse tikumbukira chaka cha 2024. Mvula inadula chimanga chiri pafupi kumasula, ndipo pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chija ndi tsoka la dziko lonse. Maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa, ndipo mahekitala pafupifupi 1 miliyoni a chimanga anapserera. Achikulire anakumbuka njala ya 1992.

Munda wa kumtunda utakana, ambiri a ife tinathawira ku dimba. Mtolo wa nzimbe pa njinga, wopita ku msika kapena ku mseu waukulu pa Katete ndi pa Sinda, ndiwo unagula unga, mchere ndi sopo. Koma njala inatidulitsa zonse, zokhwima ndi zanthete zomwe. Ena zitsa zinawaumira. Tsopano ambiri akupempha mbeu paliponse pamene aiona, osafunsa kumene yachokera. Ndiye chifukwa chake lero tikambe za mbeu ya nzimbe: m'mene akatswiri amaisankhira, ndi m'mene ife tingaisankhire.

NZIMBE SIIBADWA NGATI CHIMANGA

Chimanga timabzala njere, ndipo njere iriyonse iri ndi bambo ndi mai. Nzimbe timadula tsinde ndi kulikwirira. Chimene chimaphuka pa diso la mfundo si mwana, koma nzimbe yomweyo ikupitiriza moyo wake. Ngati inali yotsekemera, idzatsekemera. Ngati inali yodwala, dimba lonse lidzadwala. Tingabzale zaka 50, mtundu wake sudzasintha.

Kuti mtundu watsopano ubadwe, pafunika maluwa a nzimbe ziwiri akumane ndi kubala njere zazing'ono ngati fumbi. Imeneyi ndi ntchito ya m'malo a kafukufuku. Amafesa mbande masauzande ambiri, iriyonse yosiyana ndi inzake, ndi kumaziyesa chaka ndi chaka, kutaya zofooka. Zimatenga zaka 10 mpaka 15 kuti apeze mtundu umodzi woyenera kupatsa alimi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

KUMENE MITUNDU YA M'MAESITETI INACHOKERA

M'zaka za m'ma 1880 matenda otchedwa sereh anaononga nzimbe pa chilumba cha Java, ku Indonesia. Nzimbe zonenepa ndi zotsekemera zija zinalibe mphamvu yolimbana nawo. Akatswiri anazikwatitsa ndi nzimbe ya kutchire, yoonda ngati bango, yopanda shuga, imene mlimi aliyense akadaizula ngati udzu. Koma inali yopirira matenda ndi nyengo zovuta. Mu 1921 kunabadwa mtundu wotchedwa POJ 2878, ndipo m'zaka zochepa unadzaza minda ya ku Java. Ntchito yonga yomweyo inachitika ku Coimbatore, ku India, kumene malo a kafukufuku anatsegulidwa mu 1912.

Njere za ku Coimbatore zinatumizidwa ku Mount Edgecombe, pafupi ndi Durban ku South Africa. M'njere zimenezo munatuluka NCo310 mu 1945 ndi NCo376 mu 1955. Kufikira lero mitundu yambiri yolimidwa ku Nakambala ku Mazabuka, ndi ku Nchalo ndi Dwangwa ku Malawi, iri ndi maina oyamba ndi chilembo N, kusonyeza kuti inasankhidwa ku Natal.

Phunziro lake ndi ili: imene inapulumutsa minda ndi nzimbe yonyozeka.

KUWERENGA CHIBADWA CHA MBEU

M'kati mwa chamoyo chirichonse muli malangizo olamula maonekedwe ndi mphamvu zake. Asayansi amawatcha DNA. Ali ngati buku lolembedwa ndi zilembo zinayi zokha, lomangidwa m'timitolo totchedwa makromozomu. Munthu ali nato 46. Nzimbe ya m'maesiteti iri nato toposa 100, ndipo langizo lirilonse limalembedwa mobwereza kakhumi kapena kuposa. Buku lake ndi lalikulu pafupifupi katatu kuposa la munthu. N'chifukwa chake buku la mpunga ndi la chimanga linawerengedwa kale, la nzimbe likali kuvuta.

Mu 1996 asayansi a ku France anapeza malo amodzi m'chibadwa cha nzimbe yotchedwa R570, ya pa chilumba cha Réunion, amene amaiteteza ku matenda a chiwawu cha masamba. Malowo anawatcha Bru1. Mu March 2024, pamene ife tinali kulira chimanga, asayansi a ku France, Australia, America ndi Czech Republic anafalitsa buku la chibadwa cha R570 yomweyo, lokwanira kuposa onse am'mbuyo.

Phindu lake n'lotani? Kale wofufuza ankadikira kuti mbande ikule ndi matenda abwere, ndipo pamenepo ndiye ankadziwa yolimba. Tsopano akhoza kudula kachidutswa ka tsamba, mbande ikali yaing'ono, ndi kuona ngati chizindikiro cha Bru1 chirimo. Akhozanso kusankha bwino makolo oti akwatitse, ndi kudziwa ngati nzimbe ziwiri za maina osiyana ziri mtundu umodzi. Munda, ndalama ndi zaka zimapulumuka.

Ena mufunsa: kodi si GMO imeneyi, yonga chimanga chimene boma la Pulezidenti Levy Mwanawasa linakana mu 2002? Iyayi. Pano palibe chimene chikuikidwa m'mbeu. Maluwa amakumana monga mwa chilengedwe chake, ndipo wofufuza amangowerenga zimene zirimo kale. Ziri ngati mai wosankha chimanga cha mbeu m'nkhokwe, kungoti uyu amaona m'kati.

TISANAMIZANE

Kupirira chilala sikukhala pa malo amodzi ngati Bru1. Kumadalira malangizo ambirimbiri, a mizu, a masamba ndi a tsinde, ndipo kuwasonkhanitsa m'mtundu umodzi ndi ntchito yaitali. Komanso nzimbe ndi mbeu ya madzi. Imafuna mamilimita 1,500 kapena kuposa pa chaka, pamene mvula ya kuno kum'mawa nthawi zambiri imathera pa 800 mpaka 1,000. Ku Nakambala amathirira ndi madzi a mtsinje wa Kafue. Palibe sayansi imene idzasandutsa nzimbe kukhala mapira.

Chinanso, mitundu ya m'maesiteti inasankhidwira makina a fakitale, ndipo yambiri ndi yolimba khungu. Ife timalima zotafuna. Wogula pa msika amafuna yofewa ndi yamadzi. Akulu anati nzimbe saidyera kutalika. Tsono mitundu ya makolo imene iri m'madimba athu tisaitaye poyembekezera ina. Ikatha m'mudzi, palibe sitolo imene tingakaigule.

ZOTI TICHITE

1. Tiyende m'madimba ndi kuona zitsa zimene zinapirira chilala. Pa dothi limodzi ndi madzi amodzi, ndi ziti zinakhalabe zobiriwira? Timangepo chizindikiro. Zimenezo ndizo za mbeu.

2. Tipatule mzere umodzi kapena iwiri ya mbeu, yosagulitsa ngakhale njala iwawe. Mpingo uliwonse umene uli ndi malo a chinyontho ukhoza kusunga kadimba ka mbeu, kuti amasiye ndi onse amene zinawaumira akatengepo.

3. Tisalime mtundu umodzi wokha. Matenda akakonda mtundu umenewo, dimba lonse lapita.

4. Mbeu idulidwe ku nzimbe ya miyezi 8 mpaka 10, osati ku zitsa zakalekale. Chidutswa chikhale ndi maso atatu osaphwanyika, chopanda mabowo a mbozi.

5. Tikaona chikwapu chakuda chikutuluka pa nsonga, amenewo ndi matenda a smut. Tichiveke thumba kuti fumbi lake lisauluke, tizule chitsa chonse ndi kuchitentha. Pafupi pake tisadulepo mbeu.

6. Pali matenda ena osaoneka ndi maso, amene amapinimbiritsa nzimbe chaka ndi chaka. Amayenda pa chikwanje. Tiwambe chikwanje pa moto tisanadule mbeu, ndiponso tisanalowe m'dimba la mnzathu. M'maesiteti amaviika mbeu m'madzi otentha madigiri 50 kwa maora awiri, koma pafunika chipangizo choyezera. Pa nyumba tingaphike mbeu yathu.

7. Ife a ku Vubwi tiri pa malire. Achibale athu ali ku Mchinji ndi ku Mozambique, ndipo zinthu zimaoloka pa njinga tsiku ndi tsiku. Mbeu yochokera kutali, ngakhale yopatsidwa mwachikondi, ikhoza kubweretsa matenda. Tiyambe taonetsa alangizi a zaulimi, ndipo tiibzale payokha chaka choyamba.

8. Dimba ndi laling'ono. Nzimbe zisalande malo onse a chimanga chachiwisi, nyemba ndi ndiwo zamasamba. Ana sakhuta nzimbe.

9. Tilembe m'kabuku dzina la mtundu, kumene tinautenga, mwezi wobzala ndi m'mene unachitira. Akatswiri a DNA nawonso sangapindule ndi zilembo zawo popanda zolemba za m'munda. Amene sadziwa kulemba, mwana wa sukulu amlembere.

Abale ndi alongo, chilala chinabwera mu 1992, mu 2002, mu 2016 ndi mu 2024. Chidzabweranso. Asayansi akuchita mbali yawo ku Mount Edgecombe ndi ku Réunion, koma chitsa chimene chinapirira m'dimba lanu amene akuchidziwa ndinu. Musanachoke pano, akulu a dera lirilonse agwirizane tsiku loyendera madimba, ndipo alembe maina a mabanja amene alibe mbeu. Ambuye adalitse ntchito ya manja anu.