Khutba ya Lachisanu: Umboni Ubwere ndi Ndani?

Kutamandidwa konse ndi kwa Allah, ndipo madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki Muhammad.

Abale ndi alongo m'Chisilamu, anthu okana kuti Mulungu alipo amatiuza kuti: inu ndi amene mukuti alipo, tsono bweretsani umboni. Tisapse nawo mtima mawu amenewa, pakuti lamuloli ndi lathu lomwe. Mu Hadith ya 33 mwa Hadith 40 zimene anasonkhanitsa Imam Nawawi, Mtumiki anaphunzitsa kuti pa mlandu umboni umafunika kuchokera kwa wodandaula. Qur'an nayonso, mu Surah Al-Baqarah ndime 111, ikuwafunsa umboni anthu olankhula zongolakalaka. Sitingafune kwa anzathu chimene ife tikukana kupereka.

Zimanenedwa kuti Imam Abu Hanifa, yemwe anamwalira m'chaka cha 767, atakumana ndi okana Mulungu anawafunsa ngati chombo chingadzipakire chokha katundu pa mtsinje wa Tigris, n'kuwoloka ndi kukatsitsa popanda wochiyendetsa. Iwo anati n'zosatheka. Iye anati, nanga dziko lonseli? Ife a kunyanja sitisowa wotimasulira fanizoli. Tikapeza bwato pagombe, wolisema sitinamuone, koma palibe mwa ife anganene kuti mtengo unagwa wokha n'kudziboola. Surah At-Tur ndime 35 ikufunsa chimodzimodzi za munthu, ngati anangokhalapo popanda womulenga kapena anadzilenga yekha.

Komatu wonena motsimikiza kuti Mulungu kulibe nayenso wasuma mlandu wake, ndipo sangangokhala pansi n'kumadikira ife. Atiuze kumene zonsezi zinachokera. Surah Al-Jathiyah ndime 24 ikunena za anthu amene ankati sawaononga china koma nthawi, ndipo ikuti ankangoganizira.

Wina ndi uyu amene akungoti sakudziwa. Kawirikawiri ameneyu ndi mwana wathu yemwe, wabwera ku holide kuchokera ku sekondale ndi mafunso. Makolo ena timathamangira kumutcha kafiri, ndipo mwanayo amaona ngati yankho tilibe. Chonsecho Mtumiki Ibrahim anapempha kuona mmene akufa amaukitsidwira kuti mtima wake ukhazikike, ndipo Allah anamuonetsa. Mwanayo timusiye amalize funso lake. Ngati latikanika, timuuze chilungamo kuti latikanika, ndipo tipite naye kwa Shehe ikatha Swala ya Asr.