KOMPYUTA YAKALE IKALEKA KULANKHULA

Sabata latha ndinalonjeza kuti ndidzayankha makalata a anzathu amene analemba za makompyuta ao. Dandaulo limene labwera kawirikawiri ndi ili, lakuti kompyuta imene inali kuyimba bwino dzulo, lero yangoti zii, pamene palibe munthu anaigwetsa kapena kuithira madzi. Ndisanayankhe, mundilole ndikusimbireni zimene zinacitika kwathu, pakuti bvuto limeneli linatigwera ifenso, ndipo amene analiputa ndine ndemwe.

Atate anga aakulu anali mphunzitsi zaka zambiri, ndipo tsopano akupumula kumudzi kufupi ndi Katete. Ali ndi laputopu yakale imene anagula kwa munthu wina itagwirapo kale nchito. M'laputopumo muli cuma ca banja lathu, ndico mau a agogo athu akazi, amene anawajambula akusimba nthano ndi kuchula maina a makolo athu asanamwalire. Abale anapangana kuti tsiku loika mwala pa manda a agogowo, tikatha kudya, tidzakhale pansi ndi kuwamvanso. Ine ndinafika kutatsala masiku awiri, ndipo pofuna kuoneka ngati wodziwa za m'tauni, ndinati ndiyambe ndaikonza kompyutayo. Ndinatenga pa intaneti pulogalamu ina yolonjeza kucotsa zonse zakale ziri m'katimo ndi kuikamo zatsopano. Inacitadi comweco. Titaiyatsanso, zithunzi zinaoneka, zolembedwa zonse zinalipo, koma mau osatuluka ndi pang'ono pomwe. Atate aakulu anandiyang'ana nthawi yaitali, nati, "Mwanawe, kodi amai wawafafaniza?" M'mawa mwace mnyamata wina wokonza mafoni pamsika anaitembenuza kawiri, nanena kuti za m'kati zapsa, ndipo anali nayo yina yoti atigulitse.

Amai sanafafanizidwe, ndipo m'kati simunapse kanthu. Cimene ndinaononga ine ndico cimene odziwa makompyuta amacicha draiva. Musaganize za woyendetsa galimoto iai. Draiva wa m'kompyuta ndi kapulogalamu kakang'ono, ndipo nchito yace ifanana ndi ya womasulira m'bwalo la milandu. M'kompyuta muli kacipangizo kocepa ngati cikhadabo, kamene kamasandutsa manambala kukhala mau omveka m'khutu. Kacipangizoko kali ndi cilankhulo cace, ndipo Windows ali naco cace. Pakati pao paima draiva. Tsono taganizani nkhalamba yabwera kubwalo, ndipo womasulira amene anaizolowera amucotsa, naikapo mnyamata wanzeru ndithu, wa masiku ano, koma wosadziwa malankhulidwe a akulu. Woweruza alankhula, mnyamata amasulira, nkhalamba ingoti duu. Kodi tidzati nkhalambayo yafa? Iri moyo, koma yasowa woimva. Kotero ndi kacipangizo kopangidwa zaka khumi ndi zisanu zapitazo akakapatsa draiva wolembedwera zipangizo za lero.

Ndipo musadzione opusa zikakucitikirani, pakuti ngakhale eni nchito amaphonya. M'mwezi wa October 2018 draiva wina wa mau wa Intel anatumizidwa molakwika kudzera mu Windows Update ku makompyuta amene sanali oyenera kumlandira, ndipo makompyutawo anakhala cete kufikira a Microsoft anatumiza cokonzera.

Koma musanakhudze draiva, yambani ndi zapafupi, kuti mungagwetse nyumba pofuna khoswe. Pa kompyuta ya patebulo, cingwe ca masipika cimalowa m'kabowo kobiriwira. Kofiirira nja maikolofoni, ndipo ana amakonda kusinthanitsa. Yesaninso zomvera za m'makutu. Zikamveka pamene masipika ali cete, kawirikawiri draiva amakhala ali bwino, bvuto limakhala m'masipika. Pambuyo pace yang'anani kacizindikiro ka sipika pansi pa galasi, ku dzanja lamanja, pafupi ndi koloko. Dinani pamenepo muone kumene mau akutumizidwa. Ici ndico cimanyenga anthu ambiri, cifukwa kompyuta ikalandira zatsopano nthawi zina imasintha njira, nkumatumiza mau ku galasi lolumikizidwa ndi cingwe ca HDMI, galasi lopanda sipika nkomwe. Mau akutuluka ndithu, koma akupita ku nyumba yopanda munthu. Sankhaninso masipika anu, nkhani yatha.

Ngati pa kacizindikiroko pali mtanda wofiira, pamenepo ndiye tiyenera kukaonana ndi womasulira uja. Ndidzachula maina monga alembedwa pa galasi, m'Cingelezi, kuti musasokere. Amene muli ndi pensulo lembani. Mu Windows 10, dinani Start ndi batani lamanja la mausi, ndipo musankhe Device Manager. Mudzaona mndandanda wa ziwalo zonse za kompyuta yanu. Funani mzere wolembedwa Sound, video and game controllers, muutsegule. M'menemo mudzapeza dzina la kacipangizo kanu. Pa makompyuta ambiri ndi Realtek, pa malaputopu ena akale ndi IDT kapena Conexant. Mukaona kacizindikiro kacikasu ka ngondya zitatu pambali pa dzinalo, dziwani kuti Windows akudandaula za draiva ameneyo.

Apa anthu ambiri dzanja limathamangira pa Update driver, poganiza kuti mankhwala a catsopano cobvuta ndi catsopano cina. Ine ndikuti yambani mwabwerera m'mbuyo. Dinani dzinalo kawiri, mupite polembedwa Driver, ndipo mudzaona batani la Roll Back Driver. Limeneli limaitananso womasulira wakale amene anali kugwira nchito dzulo. Lidineni, muzimitse kompyuta ndi kuiyatsanso. Pa njira zonse zimene ndichule lero, iyi ndiyo yofatsa, pakuti sikhudza nyimbo zanu, zithunzi kapena makalata.

Kwathu kuja bataniro linali lotuwa, losadinika, ndiko kunena kuti draiva wakale sanasungidwe. Mtima wanga unagunda, koma njira yina inalipo. M'caka ca 2004 a Intel anatulutsa malamulo a kapangidwe ka zipangizo za mau ochedwa High Definition Audio, kulowa m'malo mwa akale a 1997 ochedwa AC'97, ndipo m'zaka zotsatira opanga makompyuta ambiri anawatsata. Cifukwa ca ici, Windows kuyambira pa Vista amabwera ndi draiva wacewace amene amamvana ndi zipangizo zotsata malamulowo, kaya anazipanga ndani. Kuti mumpeze, tsopano dinani Update driver, koma musalole kuti kompyuta ikafune yokha. Sankhani Browse my computer, kenaka Let me pick from a list, ndipo pa mndandandawo mutenge High Definition Audio Device. Idzakucenjezani, koma bvomerani. Draiva ameneyu ndi munthu wamba, alibe zokometsera. Kapulogalamu kokweza mau aakulu ndi aang'ono mwina simudzakaonanso. Koma amalankhula, ndipo pa kompyuta yokalamba ine ndimamkonda kuposa ambiri obvala bwino. Njira yina yofika pamalo pomwepo ndiyo kusankha Uninstall device, kuconga kabokosi kakuti draivayo acotsedwe ndithu, ndi kuyatsanso kompyuta, kuti Windows aikemo wace.

Amene mufuna draiva weniweni wa kompyuta yanu, mukamtenge kwa amene anaipanga, kaya ndi Dell, HP kapena Lenovo, pa tsamba lao la intaneti. Tembenuzani laputopu, muwerenge nambala ya mtundu wace yolembedwa pansi, ndipo mufune ndi nambala imeneyo. Musadabwe mukapeza kuti draiva wotsiriza ndi wa Windows 7. Opanga amaleka kusamala mitundu yakale pakapita zaka. Draiva wa mau wa Windows 7 kawirikawiri amagwira nchito mu Windows 10 amene anatuluka mu 2015, cifukwa kusintha kwakukulu kwa kayendedwe ka mau kunacitika kale, pa nthawi ya Vista. Wa Windows XP ndiye musamdalire. Cenjeraninso pa manambala awiri awa, 32 ndi 64. Windows alipo wa 32-bit ndi wa 64-bit, ndipo draiva wa mmodzi salowa mwa mnzace, monga nsapato ya kumanzere sibvalidwa kumanja. Mudzadziwa wanu mukatsegula Settings, System, kenaka About.

Za mapulogalamu olonjeza kusintha madraiva onse pa kudina kamodzi, mwamva kale zimene anandicita. Ena a iwo amayamba ndi kukuopsani kuti kompyuta yanu iri pa ngozi, kenaka apempha ndalama. Ine sindiwalolanso m'nyumba mwanga. Ngakhale mu Windows Update momwe, madraiva ambiri anaikidwa padera, polembedwa Optional updates, ndipo palibe wokukakamizani kuwatenga. Ngati mau akumveka bwino, asiyeni ali pomwepo. Ndipo pamene mwatsimikiza kusintha kanthu, yambani mwalemba mau akuti restore point pa bokosi lofufuzira la Start, ndi kupanga imodzi. Cimeneci ciri ngati kukhoma cikhomo pa malire a munda, kuti zikabvuta System Restore akubwezereni pamene munali. Ndikadacita ici, atate aakulu sakadagona ndi nkhawa.

Nthawi zina kacipangizo kamafadi, makamaka mphenzi ikawomba kapena magetsi akabwera ndi mphamvu atazima. Cizindikiro cace ncakuti dzina lace silioneka konse mu Device Manager, ngakhale mutayatsa kangati. Ngakhale pamenepo musataye kompyuta. M'masitolo a zamagetsi mumapezeka kacipangizo ka mau ka USB, kofanana ndi fulashi, kokhala ndi timabowo tiwiri. Mukakalowetsa Windows amakazindikira yekha, ndipo mtengo wace ndi wocepa kutali poyerekeza ndi kompyuta yina.

Pali cimodzi cimene ndiyenera kunena poyera. A Microsoft analeka kusamala Windows 7 pa 14 January 2020, ndipo cisamaliro ca nthawi zonse ca Windows 10 cinatha pa 14 October 2025. Makompyuta ambiri akale sangalandire Windows 11. Adzayakabe ndi kuyimba monga kale, koma pa intaneti ali ngati nyumba imene mlonda wace anacoka. Oterowo ngabwino pomvera nyimbo, polemba makalata ndi pophunzitsa ana. Za ndalama za kubanki musacitirepo.

Ife tinamaliza nchito yathu dzuwa liri kupendeka. Nditasankha High Definition Audio Device ndi kuyatsanso, kalaputopu kanalira kamodzi, ndipo atate aakulu anati ndicoke pa mpando, adine okha. Mau a agogo anatuluka akukhosomola pang'ono, nayamba kuchula dzina la mudzi umene makolo athu anacokera. Usiku womwewo ndinakopera mauwo pa mafulashi awiri. Imodzi iri m'bokosi la atate aakulu, pamodzi ndi makalata ao a penshoni, yina ndinabwera nayo kuno ku Lusaka. Kompyutayo sanandilolenso kuikhudza.

Amene mwayesa zonsezi koma osathandizika, lembani kalata. Muchule mtundu wa kompyuta yanu, Windows amene alimo, ndi dzina limene mwaliona mu Device Manager, pakuti popanda zitatuzi sindingathe kuyankha. Sabata la mawa tidzakamba za mabatire a malaputopu. Tsalani bwino nonse.