Bwalo Libwerere kwa Eni Nkhani: Zisudzo za Okalamba m'Midzi Yozungulira Minda ya Tiyi ku Thyolo



Ndiyambire pa chimene tonse timachidziwa, gule wathu wa tchopa. Mu 2014 bungwe la UNESCO lidamulemba m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe cha anthu a dziko lonse lapansi, ndipo tidanyadira. Koma tsiku lina mudzachotse maso pa mapazi a ovinawo, mudzayang'ane kumsana kwawo. Ena amabereka katundu: kakhasu, chikopa cha nyama, chidole, zida zosakira, mphika wakale. Ine ndikamaona katundu ameneyo ndimaona munthu amene wamanga zonse zimene ali nazo, watseka chitseko, wayamba ulendo wosadziwa kothera. Wovinayo sanena kanthu, koma wafotokoza nkhani yonse ndi thupi lake. Kodi chimenecho si chisudzo? Choncho pamene ndikunena za zisudzo za okalamba, musaganize kuti ndabwera ndi chinthu cha m'tauni kapena cha mabungwe akunja. Ndikunena za luso limene makolo athu adawoloka nalo mtsinje wa Ruo.

Adawoloka kuyambira cha m'ma 1890 ndi m'zaka zotsatira, kuthawa njala, nkhondo ndi nkhanza za ulamuliro wa Apwitikizi. Atafika kuno adapeza eni dziko, Amang'anja, komanso Ayawo ndi Angoni; koma adapezanso kuti gawo lalikulu la nthaka yabwino ya Thyolo lidali kale m'manja mwa azungu ndi makampani awo, monga British Central Africa Company. Mlendo wopanda munda sakhala ndi mawu ambiri. Adapatsidwa pomanga nyumba ndi polima pa malo a esiteti, malipiro ake nkukhala thukuta. Dzina la dongosolo limeneli tonse timalidziwa: thangata. Taonani mmene mawu okoma adapotozedwera. Kuthangata ndiko kuthandizana, kulimira limodzi munda wa mnzako. Pa esiteti mawuwo adasanduka goli: mwezi wina ugwirire malo okhala, mwezi wina ugwirire msonkho, ndipo wowerenga masiku a mweziwo sudali iwe, adali kapitawo ndi bwana wake. Wokana ankathamangitsidwa pa malowo.

Mkwiyo wa thangata udali chimodzi mwa zoyatsa moto wa John Chilembwe mu 1915. Kuno kwathu moto udabukanso mu Ogasiti 1953, chaka chimene chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chidakhazikitsidwa mokakamiza. Chiyambi chake chidali chaching'ono: anthu oganiziridwa kuti aba malalanje pa esiteti ya Mangunda, kufupi ndi Luchenza, adagwidwa, ndipo mbiri idawanda yoti aphedwa. Zipolowe zidafalikira m'maboma oyandikana, anthu 11 adataya miyoyo. Thangata lidathetsedwa mwalamulo mu 1962. Ndisaiwalenso Lewis Bandawe ndi anzake, amene m'zaka za m'ma 1940 adamenyera nkhondo kuti boma lisiye kutitchula ndi dzina lachipongwe lija, litizindikire kuti ndife Alhomwe.

Zonsezi zidalembedwa. Zili m'mabuku ndi m'mafayilo a nyumba yosungira mbiri ya dziko ku Zomba. Koma zambiri zidalembedwa m'Chingerezi, ndipo wogwira cholembera adali bwanamkubwa, mzungu wa esiteti, kapena wophunzira wodzafufuza pambuyo pake. Fayilo ingakuuzeni kuchuluka kwa tiyi amene adatumizidwa ku London. Singakuuzeni mmene dengu lonyowa limalemerera pamsana wa mayi woyembekezera, kapena zimene anthu ankanong'onezana m'mizere ya tiyi kapitawo akapotoloka. Amene akudziwa zimenezi akhala pakati pathu pano, pa mikeka ndi pa mipando yakutsogolo. Tawerengani zaka. Mwana amene adali ndi zaka 10 mu 1953, lero wapitirira zaka 80. Maliro aliwonse a nkhalamba m'midzi ya kwa Nchilamwera, kwa Chimaliro, kwa Kapichi kapena kwa Changata amapita ndi gawo la mbiri imene sidalembedwe paliponse.

Mundilole ndikuuzeni chimene ndidaona ndi maso anga. Kudali m'chilimwe, m'mudzi wina wochita malire ndi esiteti ina, maina ndiwasunga. Amayi achikulire okwana ngati khumi, amene ankakumana kale pa za mpingo, adagwirizana zoti asewere tsiku loyeza tiyi mmene zinkakhalira iwo ali atsikana. Padalibe pepala, padalibe wowauza zonena. Sikelo idali mtengo wopingasa pa nthambi ya mango. Mayi wina wamfupi, wooneka wofatsa, adabwereka chipewa ndi jekete la mwamuna wake nakhala kapitawo. Atangoponda pabwalo adasintha: mayendedwe, kutsokomola, kaloza ndi ndodo. Adapisa dzanja m'dengu la mnzake, nanunkhiza tsamba, nati lanyowa, nadula muyeso. Anthu adafa nazo nseko. Koma mnzakeyo sadaseke. Adaimitsa sewerolo nati, "Ayi, achemwali, mwalakwitsa. Sankayang'ana dengu poyamba. Ankayamba wayang'ana iweyo." Phwete lidatha pomwepo. Amayi onse aja adaweramitsa mitu, ndipo ife oonera tidamva chimene sichidatchulidwe.

Kenaka bambo wina wokalamba, amene adangokhala chete pambali tsiku lonse, adadzuka ndi ndodo yake, nalowa m'bwalo osaitanidwa. Adati asonyeze mmene bambo ake adapemphera malo kwa kapitawo atangofika kumene. Adagwada, nayamba kulankhula, ndipo chotuluka pakamwa pake sichidali Chichewa. Chidali Elhomwe. Mdzukulu wake, mnyamata wa ku sekondale, adandigwira mkono nati, "Ine sindimadziwa kuti agogo amayankhula chinenero chimenechi." Adakhala nawo nyumba imodzi kuyambira ali khanda.

Ndakhala ndikulingalira chifukwa chake sewero lidatulutsa zimene macheza a tsiku ndi tsiku adalephera kutulutsa. Ndikuganiza kuti nchifukwa choti munthu wamkulu ukamufunsa mafunso ngati wapolisi amakuyankha mwachidule, kuti umusiye. Koma ukamuuza kuti atisonyeze, thupi limakumbukira zimene pakamwa padaiwala. Manja amene adathyola masamba awiri ndi kansonga kwa zaka makumi atatu saiwala. Komanso chipewa cha kapitawo chimabisa: mayi uja akadachita manyazi kunena m'dzina lake zimene adanena atavala jekete la wina.

Njira imeneyi ili ndi mbiri yake m'Malawi muno. M'zaka za m'ma 1980 aphunzitsi ndi ophunzira a ku Chancellor College, pakati pawo Christopher Kamlongera ndi David Kerr, adapita ndi gulu lawo la zisudzo m'midzi ya m'dera la Liwonde pa nkhani za umoyo. Adasiya kubwera ndi sewero lophikaphika. Ankayamba amvetsera mavuto a mudzi, nkupanga sewero kuchokera pa zimene amva, nkumaliimitsa pakati kuti oonera anene maganizo awo. Kuchokera apo zisudzo zachitukuko zafika pafupifupi m'boma lililonse, ndipo zathandiza pa nkhani za Edzi, maphunziro a atsikana ndi katemera. Sindikuzinyoza.

Koma ndili ndi dandaulo, ndipo ndilinena pamaso pa achinyamata athu. M'zisudzo zambiri za m'midzi wosewera ndi wachinyamata. Akafuna gogo, amatenga mnyamata, kumuthira ufa kumutu, kumupatsa ndodo, iye nkumanjenjemera mwadala. Ndipo gogo wa m'seweroyo amakhala ndani? Ndi amene akukana chipatala, amene akukakamiza mwana kukwatiwa, amene sakumva, amene amauluka usiku. Anthu amaseka, nawonso okalamba enieni amaseka nawo, poti atani. Sewero likatha mnyamata amasasa ufa uja nkubwerera ku unyamata wake. Gogo weniweni amabwerera kunyumba ndi imvi zake, pamodzi ndi chithunzi chimene mudzi wonse wangochiombera m'manja.

Wina anganene kuti ndi nthabwala chabe. Tikumbukire za ku Neno mu Januwale 2016, kumene okalamba anayi adaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Tikumbukirenso mmene mphekesera ya anamapopa idatipengetsera kuno ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Phalombe mu 2017. Lamulo loletsa kunena munthu kuti ndi mfiti lakhalapo kuyambira mu 1911, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo loteteza anthu achikulire, mabungwe monga MANEPO atalimenyera kwa nthawi yaitali. Malamulowa ndi ofunika. Koma lamulo limakhala ku Lilongwe ndi ku polisi. Usiku umene mphekesera yayamba, chimene chimateteza nkhalamba ndi mmene anansi ake amaionera. Sindinganame kuti sewero lingagwire dzanja la munthu wonyamula chikwanje. Ndingonena kuti nkovuta kutchula mfiti mayi amene mlungu wathawu adakuseketsa mpaka misozi pabwalo la mfumu, amene ana a sukulu akumuyeserera mayendedwe nkumamuitana kuti "a kapitawo". Amene amanenedwa ufiti kawirikawiri ndi uja wokhala yekha kumapeto kwa mudzi, amene palibe akudziwa nkhani yake.

Tsono tichite motani? Zofunika si zambiri, ndipo ndalama si yoyamba. Nyengo ndiyo yoyamba. M'dzinja, kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo, tiyi amaphuka kwambiri, ana ndi adzukulu amakhala ku esiteti kuyambira mbandakucha, ndipo agogo ndi amene amatsala ndi makanda ndi munda wa pakhomo. Nthawi imeneyo musawavutitse. Dikirani akolole, chiperoni chidutse, dzuwa liyambe kufunda. Ndipo muzikumana m'mawa kapena masana, pamthunzi, pamalo oti wa mwendo wovuta angafike. Pakhale mipando. Wosatha kuimirira asewere atakhala, poti mfumu ya m'sewero siimirira. Pakhalenso chakudya, ngakhale chinangwa ndi kapu ya tiyi, chifukwa nzochititsa manyazi kuti munthu amene adathyola tiyi moyo wake wonse asewere za tiyi kukhosi kuli gwa. Koma chenjerani ndi maalawansi. Gulu loyambira pa envelopu limatha tsiku limene envelopu yasiya kubwera. Taona magulu ambiri akufa imfa imeneyi.

Achinyamata ali ndi gawo lawo, koma ndi gawo la wothandiza. Aimbe ng'oma, anyamule mipando, asewere ana ndi adzukulu. Amene ali ndi foni ajambule, atapempha chilolezo, ndipo zojambulazo zisathere pa WhatsApp. Zisungidwe kwa mfumu, ku sukulu ndi ku likulu la Mulhako ku Chonde. Chachikulu, asawakonze agogo. Akasakaniza Elhomwe, Chimang'anja ndi mawu a pa esiteti monga phoso, mgwazo ndi tikiti, asiyeni. Mmenemo ndi mmene ankalankhulira.

Pali chinthu china chovuta, ndipo sindichizemba. Nkhani za thangata sizidazizire. Ma esiteti alipobe, Satemwa, Naming'omba, Makandi, Conforzi ndi ena, ndipo ndi amene amalemba ntchito ana athu ambiri. Njala ya malo m'boma lino ndi yoopsa, ndipo tonse timadziwa mmene nkhani ya malo imatenthera. Komanso kapitawo sadali mzungu. Adali mmodzi wa ife, ndipo adzukulu ake akhala m'gulu lomweli la oonera. Sewero likhoza kutsegula chilonda. Nchifukwa chake ndikupempha kuti maina a anthu enieni asatchulidwe pabwalo, mfumu idziwe nkhani isanaseweredwe, ndipo gogo amene sakufuna kukumbutsidwa zina asakakamizidwe. Koma kuopa chilonda kusatichititse kusewera zokoma zokhazokha. Ndipo nkhani zake si za misozi zokha: pali za kufunsirana pa mzere wa tiyi, za mpira wa ma esiteti, za tsiku la malipiro, za njinga yoyamba m'mudzi, za amuna amene adapita ku Wenela ndi ku Salisbury nkubwerako ndi suti koma opanda ndalama. Mukawasiya okha agogo, mudzadabwa kuti nthabwala zawo nzakuthwa kuposa za pa wailesi.

Pempho langa kwa inu mafumu ndi loti mfumu iliyonse ya mudzi wa m'mbali mwa esiteti iitane okalamba ake chilimwe chikubwerachi, iwapatse bwalo tsiku limodzi pa mwezi. Kwa akuluakulu okonza mwambo uno, pempho ndi ili: pa ndondomeko ya chaka chamawa, pakati pa magule ndi malankhulidwe, mupatulepo mphindi makumi atatu za sewero limene osewera ake onse adapitirira zaka 60, ndipo galimoto yokawatenga ikhale yoyamba kunyamuka. Amayi a m'mudzi uja ndidawafunsa ngati angabwere ku Chonde. Uja wa jekete adayankha kuti abwera, bola wina akawasamalire mbuzi.