ZOOLA ZA PAMSIKA ZIBWERERE KU MUNDA



Lero tikambirana za zinyalala, makamaka zinyalala zoola zimene zimachokera m'misika, m'malo odyera, m'zigayo, m'sukulu zogonera konko ndi m'makhitchini a zipatala. Ena angafunse kuti kodi nkhani ya zinyalala ikulowa bwanji m'maphunziro a ufulu ndi udindo wa nzika? Yankho lake ndi lakuti zinyalala zimenezi zili ndi eni ake, zili ndi phindu lake, ndiponso pali malamulo oziyang'anira. Tsono ife amene timakhoma msonkho ndi kuponya voti tiyenera kunenapo maganizo athu pa za kumene zizipita.

Chonde chathu chikupita kuti?

Tsiku lililonse la msika, kaya ku Ntaja, ku Nsanama, ku Ulongwe, ku Phalula, ku Liwonde kapena pa Balaka, timanyamula mbewu kuchokera m'minda ndi m'madimba athu. Timapititsako matimati, mpiru, nthochi, nzimbe, chinangwa, mpunga ndi mango. Mbewu zonsezi zinakula ndi chakudya cha m'nthaka yathu. Msika ukatha pamatsala makoko, masamba ofota, matimati ophwanyika, mamba a nsomba ndi ndowe za mbuzi. Ku zigayo za mpunga kumatsala milu ya mankhusu. M'malo ambiri zonsezi zimasakanizidwa ndi majumbo, mabotolo ndi zitini, kenaka zimaunjikidwa kuseri kapena kutenthedwa.

Motero chonde chimachoka kumudzi kupita kumsika, koma sichibwereranso. Nyengo ya dzinja ikafika, ife tomwe timathamangira kukagula feteleza wochokera kunja kwa dziko pa mtengo wokwera. Tonse tikukumbukira mmene mitengo inakwerera pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kodi ndi nzeru kutentha chakudya cha nthaka mu Ogasiti, n'kukachifuna ku sitolo mu Disembala?

Kuno ku Balaka ndi mbali zina za Machinga mvula imagwa yochepa, ndipo ng'amba imabwera kawiri-kawiri. Nthaka imene yathiridwa manyowa imasunga chinyontho nthawi yaitali kuposa nthaka youma ngati phulusa, kotero chimanga chimatha kupirira masiku angapo a dzuwa. Ichi ndi chinthu chimene feteleza wa m'thumba sangachite.

Kuipa kwa kuunjika zinyalala

Mulu wa zoola umaitana ntchentche ndi makoswe. Mvula ikagwa zinyalala zimatseka ngalande, ndipo madzi oipa amasefukira m'njira, m'malo ogulitsira zakudya ndi m'zitsime. Tisaiwale kuti mliri wa kolera wa mu 2022 unayambira m'boma la Machinga mwezi wa Malichi, ndipo pofika 2023 unali utapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Kolera imafala ndi madzi kapena chakudya chimene chakhudzana ndi chimbudzi cha wodwala, ndipo uve wa pamsika umaitsegulira njira.

Ku Liwonde kuli vuto lina. Zoola zikakokolokera mu Shire zimasanduka chakudya cha udzu wa m'madzi monga namasupuni. Udzu umenewu ndi umene anthu amavutika kuuvuula pa Kamuzu Barrage kuti usakatseke makina opangira magetsi ku Nkula.

Maiko ena anachitapo chiyani?

Vuto limeneli si la kwathu kokha. Dziko la South Korea linaletsa kukwirira zotsala za chakudya m'maenje otayamo zinyalala za m'mizinda mu 2005, ndipo kuyambira 2013 anthu amalipira molingana ndi kuchuluka kwa chakudya chimene ataya. Dziko la France linakhazikitsa lamulo mu 2016 loletsa masitolo akulu-akulu kuononga chakudya chimene sichinagulidwe. Chakudyacho chiyenera kuperekedwa ku mabungwe othandiza osowa. Kuyambira mu Januwale 2024 aliyense ku France ayenera kupatula zoola pa zinyalala zina. Nayenso Papa Fransisko, m'kalata yake ya Laudato Si' ya mu 2015, anadzudzula chizolowezi chongotaya zinthu.

Sitikunena kuti titengere zonse za kunja, popeza ife tilibe magalimoto ndi makina ngati awo. Phunziro limene tingatengepo ndi limodzi: amene amatulutsa zinyalala zambiri ndiye ayambe kusenza udindo.

Malamulo athu akuti chiyani?

Malamulo oyendetsera dziko lino a mu 1994, pa ndime 13, amapatsa boma udindo wosamalira chilengedwe kuti anthu akhale ndi kugwira ntchito pa malo abwino. Lamulo la zachilengedwe la mu 2017, limene linalowa m'malo mwa la mu 1996, limati munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala pa malo aukhondo, ndipo limatsata mfundo yakuti woipitsa ndiye alipire.

Koma lamulo limene lili pafupi kweni-kweni ndi ife ndi la maboma aang'ono la mu 1998, chaka chomwe Balaka anapatulidwa ku Machinga n'kukhala boma palokha. Lamuloli linapereka m'manja mwa makhonsolo ntchito yoyang'anira misika ndi kuchotsa zinyalala. Linawapatsanso mphamvu yopanga malamulo aang'ono a m'dera lawo, amene amakambidwa ndi makhansala kenaka n'kuvomerezedwa ndi nduna. Choncho sitikusowa kudikira Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe. Makhansala amene tinasankha pa 16 Sepitembala 2025 ndi okwanira kuiyambitsa nkhani imeneyi.

Tipemphe lamulo lotani?

Ife tikuganiza kuti lamulo laling'ono la khonsolo likhale ndi mfundo zisanu izi:

1. Liyambire pa akulu-akulu: misika ya khonsolo, mahotela ndi malo ogona alendo, zigayo, malo ophera nyama, sukulu zogonera konko, makoleji ndi makhitchini a zipatala. Nyumba ndi sukulu za mipingo, kuphatikizapo zathu, zisasiyidwe kunja.

2. Malo onsewa akhale ndi zotayiramo ziwiri, china cha zoola, china cha majumbo, mabotolo ndi zitini. Zoola zikasakanikirana ndi magalasi osweka palibe mlimi angazilandire.

3. Zotsala zitsate ndondomeko iyi: chakudya chimene chikadali chabwino chipite kwa anthu osowa, chimene sichingadyedwe ndi anthu chipite ku ziweto, ndipo chotsalacho chipite ku manyowa.

4. Amene ali ndi malo apange manyowa pompo. Amene alibe malo agwirizane ndi kalabu ya alimi kapena gulu la achinyamata kuti lizidzatenga pa ngolo, ndipo mgwirizanowo uonetsedwe pamene akukonzetsa chiphaso cha bizinesi.

5. Khonsolo ipatule malo opangira manyowa pafupi ndi msika uliwonse waukulu, kutali ndi mjigo ndi mtsinje, ndipo gawo lina la msonkho wa pamsika lizigwira ntchito imeneyi.

Tichenjere ndi izi

Paja akulu anati walira mvula walira matope. Lamulo labwino likhoza kusanduka chikwapu cha osauka. Mayi wogulitsa mulu wa matimati amalipira kale tikiti tsiku ndi tsiku, ndipo si chilungamo kumulipiritsa chindapusa pamene sanapatsidwe potayira. Tsono tinenetse kuti zotayiramo ndi maphunziro zibwere poyamba, chilango chibwere pambuyo. Tinenetsenso kuti chindapusa chilichonse chikhale ndi lisiti, kuopa kuti lamulo lingatsegule khomo la ziphuphu.

Chachiwiri, si zonse zoyenera kulowa m'manyowa. Mabandeji, majakisoni ndi mankhwala a kuchipatala ali ndi njira yake yowaonongera. Matewera ndi mabatire nawonso asalowemo. Amene amaweta nkhumba asazipatse makombo osaphitsa, chifukwa chigodola cha nkhumba chimafala mosavuta kudzera m'zotsala za nyama.

Chachitatu, tisanamizane kuti manyowa athetsa kufunika kwa feteleza. Thumba la Urea lili ndi chakudya chokulitsa mbewu chokwana magawo 46 pa 100, pamene m'manyowa chakudya chimenechi n'chochepa kwambiri. Ntchito ya manyowa ndi kuchiza nthaka kuti feteleza wochepa amene takwanitsa kugula agwire bwino ntchito. N'chifukwa chake alimi ambiri tsopano akupanga manyowa a Mbeya, posakaniza feteleza pang'ono ndi ndowe, gaga, phulusa ndi madzi, n'kuzisunga m'thumba lotseka kwa milungu itatu.

Kodi ntchitoyi ndi yotheka?

Inde, ndi yotheka, popeza luso lake tili nalo kale. Alangizi a zaulimi akhala akutiphunzitsa manyowa a m'dzenje, a changu ndi a chimato. Timayala zouma monga mapesi kapena udzu, pamwamba pake zaziwisi monga makoko ndi masamba, kenaka ndowe ndi phulusa pang'ono, n'kuwaza madzi. Timabwereza chomwecho mpaka mulu utakwera. Mulu wopangidwa bwino umatentha mkati, ndipo kutenthako kumapha tizilombo tambiri toyambitsa matenda pamodzi ndi njere za udzu. Tikamautembenuza, manyowa amapsa pa miyezi iwiri kapena itatu. Mulu wotero sununkha ngati dzala la pamsika, chifukwa mpweya umalowamo.

Sukulu yogonera konko imene imaphikira ana mazana angapo ikhoza kudyetsa dimba lake ndi zotsala za kukhitchini, ana n'kumadya ndiwo zamasamba za pomwepo. Achinyamata amene akusowa ntchito akhoza kupanga manyowa a pamsika ndi kugulitsa kwa alimi a m'madimba.

Tichitepo chiyani?

Mutu umodzi susenza denga. Poyamba tikambirane nkhaniyi m'miphakati, kenaka tiitengere ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi ndi ya m'dera, kumene mafumu athu amapezekako. Tiitane abale athu achisilamu ndi a mipingo ina, pakuti msika ndi wa tonse ndipo ntchentche sizifunsa chipembedzo cha munthu. Tikambiranenso ndi komiti ya pamsika ndi eni mabizinesi tisanalembe chilichonse, kuti asaone ngati tikuwatchera msampha.

Tikagwirizana tilembe kalata kwa khansala wathu, ina yofanana nayo ipite kwa bwanamkubwa, ndipo ife tisunge yathu. Tili ndi ufulu wofunsa kuti msika wathu umatolera ndalama zingati pa mwezi ndipo zingati zimapita ku ukhondo. Lamulo lopatsa nzika ufulu wodziwa zimene maofesi a boma akuchita linayamba kugwira ntchito mu Sepitembala 2020. Tifunse mwaulemu, koma tisatope kufunsa mpaka titayankhidwa.

Pomaliza, pamene tikudikira yankho, tiyambe ife. Pa ukwati, pa maliro, pa sadaka ndi pa zikondwerero za pa parishi timaphika chakudya chambiri. Tikumbe dzenje la manyowa, tipatule majumbo, ndipo khansala akadzabwera tidzamuonetse chinthu chooneka ndi maso. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.



Mafunso okambirana m'magulu

1. Ndi malo ati m'dera lathu amene amatulutsa zoola zambiri, ndipo zimapita kuti?

2. Kodi lamulo limeneli tingalikonze bwanji kuti lisapweteke ogulitsa malonda aang'ono?

3. Ndani pakati pathu akaonane ndi khansala, ndipo adzatipatsa yankho tsiku liti?