Wofuna kusiya mowa akawapeze kuti anzake?

Thonje litangogulidwa, ndalama zikadali m'matumba, mlangizi wa zaumoyo anaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo wa bwemba m'mudzi wina wa kwa a mfumu a Mnkhanya, m'boma la Mambwe. Atagwada ndi kuomba m'manja pamaso pa a mfumu a m'mudzimo, anafunsa ngati alipo amene sadziwa munthu yemwe analumbira kuti kachasu wasiya, koma mwezi usanathe n'kubwereranso. Anthu anaseka, amayi ena akuyang'ana amuna awo cham'mbali.

Mlangiziyo anati kubwererako sikusonyeza kuti munthuyo ndi wabodza. Amene wamwa zaka zambiri, anzake onse ali ku mowa. Nsolo amasewerera komweko, nkhani za ganyu amazimvera komweko. Akasiya amatsala yekha pakhonde, ndipo madzulo amatalika. Chimene amasowa ndi anzake ena amene akulimbana ndi vuto lomwelo.

Koma anayamba ndi chenjezo. Munthu amene amamwa tsiku lililonse, amene manja amanjenjemera m'mawa mpaka atalawako, asasiye mwadzidzidzi ali kunyumba. Thupi lozolowera mowa likaumanidwa, kunjenjemera ndi thukuta zimayamba tsiku loyamba lomwelo. Ena amagwa ngati akhunyu, ndipo pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu ena amabwebweta ndi kuona zinthu zomwe palibe. Achibale amathamangira kwa sing'anga poganiza kuti walodzedwa, pomwe awa ndi matenda oti akhoza kupha, komanso ali ndi mankhwala. Choncho ulendo uyambire ku kiliniki. Zikavuta, achipatala amatumiza wodwala ku chipatala cha Kamoto kapena ku chipatala chachikulu cha Chipata, ndipo ofunika chithandizo chapadera amafika mpaka ku chipatala cha Chainama ku Lusaka.

Kenaka anasimba chiyambi cha magulu othandizana. Mu 1935, mumzinda wa Akron ku America, Bill Wilson, munthu wa bizinesi amene anali atangosiya mowa, anamva chilakolako chikumubwerera ali pa ulendo. Anafunafuna chidakwa mnzake woti acheze naye, ndipo anakumana ndi dokotala wina, Bob Smith. Awiriwo anapeza kuti pothandiza mnzako kuti asamwe, iwenso sumwa. Mmenemo ndi mmene linabadwira gulu la Alcoholics Anonymous, lomwe lero lili m'maiko ambiri. Polowa salipiritsa, ndipo chofunika n'chimodzi: mtima wofuna kusiya kumwa.

Nanga kuno ku Mambwe munthu afunse kuti? Mlangiziyo anawerenga ndi zala. Choyamba, kwa anamwino ku kiliniki ndi kwa a komiti ya zaumoyo ya m'dera, chifukwa ndiwo amadziwa amene anasiya kale mowa ndipo angathe kukumanitsa anthu mwakachetechete. Chachiwiri, ku tchalitchi. Akatolika afunse kwa abambo mfumu za gulu la Pioneer, la anthu olonjeza kusamwa, lomwe linayamba ku Dublin mu 1898. A mipingo ina afunse abusa kapena akulu a mpingo. Chachitatu, bungwe la Drug Enforcement Commission, lomwe anthu ambiri amaliopa poganiza kuti limangomanga osuta chamba, lili ndi alangizi ake, ndipo ofesi yake ya chigawo ili ku Chipata. Amene ali ndi foni ya intaneti akhozanso kulowa misonkhano ya Alcoholics Anonymous yochitikira pa foni, ngakhale yambiri imakhala m'Chingerezi.

Bambo wina wachikulire anadandaula kuti Chipata ndi kutali, ndalama ya basi yokha ingathe thumba la chimanga. Mlangiziyo anavomereza, nati n'chifukwa chake gulu la m'mudzi momwemo limaposa lakutali, ndipo anthu awiri kapena atatu akwanira kuliyamba. Asankhe tsiku limodzi pa sabata, makamaka madzulo amene chilakolako chimakula, koma akumane kusanade kuopa njovu panjira. Aliyense alankhule za iye mwini, mnzake asamudule mawu. Zokambidwa pamenepo zisafike kuchitsime kapena kuchigayo. Wina akagwa n'kumwanso, asamuthamangitse. Amuyendere m'mawa mwake. Lonjezo likhale la lero lokha, chifukwa la moyo wonse limalemera. Anachenjezanso kuti gulu lofuna ndalama zambiri, kapena logulitsa mankhwala akuti amachotsa uchidakwa usiku umodzi, alipewe.

Mayi wina anafunsa kuti, nanga akazi amene amagona ndi njala chifukwa cha mowa wa amuna awo apite kuti? Yankho linali lakuti achibale nawonso ali ndi magulu awoawo, monga la Al-Anon lomwe linakhazikitsidwa mu 1951, ndipo amayi a m'mudzimo akhoza kuyamba lawo. Koma pomwe pali kumenyedwa, nkhaniyo ipite kwa a mfumu ndi kupolisi, ku Victim Support Unit.

Potseka, a mfumu anakumbutsa anthu kuti boma linaletsa mowa wa m'timapaketi wotchedwa tujilijili mu 2012, koma kumwa sikunathe, ndipo lamulo loletsa kugulitsa mowa kwa ana osakwana zaka 18 likadalipo. Analoleza kuti ofuna kuyamba gulu azikumana m'kalasi ya sukulu Lachisanu lililonse ana akaweruka. Mayina sanalembedwe pagulu. Aliyense wofuna anauzidwa kukaonana ndi mlangiziyo payekha ku kiliniki.