Kamera Yaing'ono, Mthandizi wa Mlimi

Lero tikambirane za kamera.

Makamera akuluakulu akale anali ndi kalilole m'kati. Mu 2008 kunabwera makamera atsopano opanda kalilole. Ndi aang'ono ndiponso opepuka. Amajambula zithunzi ndi vidiyo yomwe. Gulu la alimi litasonkherana, lingathe kugula imodzi.

Ingatithandize bwanji? Ku Tsangano timalima mbatatesi ndi tirigu. Ku Macanga timalima fodya ndi chimanga. Matenda a mbewu sadikira munthu. Chiwawu chikagwa m'munda wa mbatatesi, mbewu imapsa m'masiku ochepa. Nthawi zina mlangizi amakhala kutali. Tijambule tsamba lodwalalo pafupi, pamwamba ndi kunsi komwe. Chithunzicho tichiike m'foni, timutumizire tsiku lomwelo.

Pojambula, dzuwa likhale kumbuyo kwathu. Tigwire kamera ndi manja awiri. Tikachotsa diso lake lagalasi, fumbi limalowa m'kati, choncho titseke msanga. Batire yake sichedwa kutha. Titchaje ku sola tisanapite kumunda.

Kamera imafunanso ulemu. Tisanajambule munthu, tiyambe tapempha. Gule Wamkulu tijambule pabwalo, akuluakulu akalola. Kudambwe, ayi.

Tsopano tiwerenge pamodzi: ka-me-ra, chi-thu-nzi, mla-ngi-zi.