Ndege Zonyamula Netiweki Zidzaima Pati?

Ndapempha kamphindi kuti ndinenepo za tindege topanda woyendetsa, tomwe ana athu amatitcha madroni.

Kale wolengeza maliro ankakwera pachulu, podziwa kuti akaima m'munsi mawu ake athera m'mitengo. Lero mlimi wa kufupi ndi Dzalanyama akukweranso chulu chomwecho, foni m'mwamba, kuti aone ngati ndalama za mtedza womwe adagulitsa pa Mitundu zalowa. Droni yotere imanyamula kachipangizo kofalitsa netiweki, ndipo nzeru yonse yagona pa malo oiimika. Ikatsika kwambiri, mapiri ndi mitengo zimatchinga. Ikakwera kwambiri, imafikira midzi yambiri koma mphamvu imachepa. Iyeneranso kulumikizana ndi nsanja ya mafoni, apo ayi ilibe chogawira anthu. Batire la tindege tating'ono silipitirira kwenikweni mphindi 30, n'chifukwa chake tina amatipatsa magetsi kudzera pa chingwe chochokera pansi.

Izi si za kunja kokha. Mu 2017 boma ndi UNICEF adatsegula malo oyeserera madroni ku Kasungu, makilomita 40 kuzungulira bwalo la ndege, ndipo chimodzi mwa zolinga zitatu chinali kufikitsa netiweki kumalo ovuta, makamaka pa nthawi ya ngozi. Mu 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy idatsegulidwa mu Lilongwe momwemuno. Ine, monga mphunzitsi, ndikuzilandira.

Nkhawa yanga ndi iyi: droni zambiri zimakhala ndi kamera. Katswiri akayang'ana mapu a Nathenje, nkhalango ya kumanda amangoona ngati mitengo yotchinga netiweki, ndipo akhoza kuimika ndege yake pamwamba penipeni pa dambwe. Sangachite dala, kungoti masamu ake sadziwa mwambo. UNESCO idalemekeza Gule Wamkulu mu 2005, koma chinsinsi cha kudambwe sichisungidwa ndi UNESCO. Chimasungidwa ndi ife.

Choncho ndikupempha, mafumu athu, kuti aliyense wofuna kuulutsa droni kuno ayambe wagwada pakhomo panu, mumuuze poyenera kuima ndi posayenera kudutsa. Ndipo anyamata ndi atsikana athu odziwa mwambo tiwatumize akaphunzire ntchitoyi, kuti wogwira chiwongolero adzakhale mwana wa m'mudzi muno.